Musanaitanire khamu pabwalo la mumzinda: mafunso ndi mayankho

Kabuku aka ndi ka inu a komiti amene mukukonza msonkhano wa mapemphero, phwando la zoimbaimba, chionetsero cha malonda kapena msonkhano wa chipani pamalo ngati Njamba ku Blantyre kapena Masintha ku Lilongwe.

Bwalo ndi la tonse, ndiye tikapempheranji chilolezo?

Chifukwa chake n'chomwecho: ndi la tonse. Tsiku limene mwasankhalo mwina anyamata ali ndi mpira pomwepo, kapena mpingo wina udalembetsa kale. Yambani mwafufuza mwini wake, pakuti mabwalo ena ndi a khonsolo, ena ndi a unduna, ena ndi a sukulu. Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba uliwonse uli ndi khonsolo yake yoyang'anira mapaki, misika ndi misewu ya mumzinda. M'kalata yanu tchulani tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza, ndi dzina la munthu amene adzayankhe zinthu zikavuta. Mukalipira tengani lisiti. Lonjezo la pakamwa silidzakuthandizani mukadzapeza ena atakhoma kale matenti.

Nanga apolisi tiwauze liti?

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wosonkhana mwamtendere, popanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti wokonza msonkhano kapena zionetsero apereke chidziwitso cholemba kwa bwanamkubwa kudakali maola osachepera 48. Musadikire maola amenewo. Pitani kukadali nthawi, mukhale pansi ndi mkulu wa polisi wa deralo, mugwirizane pomwe magalimoto adzaime, pomwe minibasi ndi akabaza adzatsitsire anthu, ndi msewu umene udzasiyidwe wopanda kanthu kuti ambulansi idutse.

Pa zonse, tiope chiti kwambiri?

Geti. Makomiti ambiri amathera masabata akukangana za nsanja, zokuzira mawu ndi mpando wa mlendo wolemekezeka, koma za khomo amakambirana madzulo a tsiku lomaliza. Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu 8 adamwalira ataponderezana polowa m'bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo adali ana. Kudali mpira waulere wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Anthu adalawirira, mageti adachedwa kutsegulidwa, khamu lidaunjikana panja. Anawo sadafere m'bwalo modzaza ayi, adafera pakhomo.

Taganizani mayi amene ali ndi mwana kumsana, wina wamugwira padzanja, ndipo waima pafupi ndi chitsulo cha geti. Amene ali kumbuyo saona kuti kutsogolo n'kotseka. Akamva zokuzira mawu zayamba kulira mkati, amasendera pang'ono, aliyense phazi limodzi lokha. Mapazi amenewo akafika kutsogolo amakhala mtolo woti chifuwa cha mwana sichingaupirire. Palibe amene adafuna kupha munthu.

Choncho tsegulani mageti anthu asanachuluke, ndipo musaphonye nthawi imene mudalengeza pawailesi. Mageti akhale angapo, lolowera lisakhale lomwelo lotulukira. Munthu wosunga makiyi adziwike ndi dzina, akhale pageti pomwepo, foni yake ili ndi moto. Ikani anthu ovala zowala kutali ndi geti kuti adule mzere usanafike pothina. Ngati mukugawa zinthu zaulere, kaya ndi matisheti kaya nsalu, musaziponye pagulu, ndipo musagawire pakhomo. Mwambo waulere ndi umene umafuna alonda ambiri, chifukwa palibe tikiti yokuuzani kuti kubwera anthu angati.

Mwambo wa tsiku limodzi ukufunikadi zimbudzi?

Ukufunika, ndipo apa ndi pomwe ulemu wa komiti umaonekera. Bambo amatha kupita kuseri kwa mpanda. Agogo aakazi amene afika m'mawa amangopirira mpaka madzulo, mwinanso kuleka kumwa madzi dala. Bwerekani zimbudzi zonyamula, za amayi zichuluke kuposa za abambo, ndipo pakhale munthu wozisamalira tsiku lonse. Tisaiwale kolera imene idayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ikani zidebe za mpopi ndi sopo pafupi ndi zimbudzi komanso pomwe pakugulitsidwa chakudya. Madzi akumwa muwakonzeretu m'matanki, osadalira mpopi umodzi wa pabwalo.

Tidalire magetsi a ESCOM?

Khalani ndi jenereta ndi mafuta ake, ndipo muiyese dzulo lake. Iikeni kutali ndi anthu, mawaya asadutse pomwe ana akuthamanga. Mwambo ukafika usiku, nyali ziunikire njira zotulukira, osati pansanja pokha.

Mwezi uli ndi kanthu?

Uli nako. Mu Okutobala dzuwa limagwetsa anthu, ndiye mthunzi usakhale wa akuluakulu okha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo bwalo la dothi limasanduka matope, ndipo mphepo yotsogolera mvula imazula tenti yosakhomedwa bwino. Ku Blantyre mu Juni ndi Julaye yembekezerani chiperoni. Nyengo iliyonse, pemphani a Red Cross kapena achipatala akhale ndi tenti yawo poonekera, ndipo pomwepo ndi pomwe ana osochera azikapezedwa.

Nyimbo timalipiranso?

Inde. Kuimba kapena kuulutsa nyimbo za anthu ena pagulu kumafuna laisensi ya COSOMA. Za phokoso, gwirizanani ndi khonsolo nthawi yozimitsira zokuzira mawu, muuzenso oyandikana ndi bwalo.

Mwambo umatha liti?

Umatha bwalo likasesedwa. Ogulitsa mandasi, chipisi ndi zakumwa adzabwera ngakhale musawaitane, choncho apatseni malo awo kutali ndi mageti, aliyense ndi thumba la zinyalala. Lipiranitu osesa ndi galimoto yochotsa zinyalala ndalama zisanathere kwina, ndipo kwirirani maenje a mitengo ya matenti, chifukwa mawa lake ana adzasewerapo mpira opanda nsapato.

Komiti yanu ikakumananso, yambani ndi funso la geti. Ngati palibe amene angatchule wosunga makiyi ndi ola lotsegulira, musalengeze tsiku pawailesi.