Musanaumbe njerwa, onani mapu a malo

Lero tikambirane za malo omangapo.

Ambiri amaganiza kuti akagula malo, mfumu n'kuchitira umboni, basi angamange chilichonse. Sizili choncho. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidaika dziko lonse pansi pa mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndi midzi yomwe. Khonsolo imagawa malo pamapu: apa nyumba zogona, apa masitolo, apa sukulu kapena manda, apa msewu. Mtundu uliwonse pamapupo uli ndi tanthauzo, ndipo amalilemba m'mbali. Musachite manyazi kufunsa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi madambo a kufupi ndi nyanja ya Chiuta. M'chilimwe amaoneka ouma, mtengo wake n'kukhala wotsika, koma ikagwa mvula yonga ya namondwe Freddy mu 2023, thukuta la zaka zambiri limakokoloka usiku umodzi. Malo a m'mphepete mwa msewu nawonso ngamsewu. Akadzafuna kuukuza, golosale yanu idzagwetsedwa, mwina popanda chipukutamisozi.

Tsono musanapereke ndalama, pitani ku ofesi ya zamalo ku khonsolo ya Machinga kapena ya Balaka, mukafunse ntchito imene malowo adawaikira. Kumudzi funsaninso komiti ya zamalo, yomwe wapampando wake ndi gulupu. Pulani ya nyumba ivomerezedwe musanakumbe maziko, ndipo kalata yachilolezo muisunge bwino.