CIGAWO CA ZAMBEZIA: PHUNZIRO KWA ALIMI ATHU

Mvula yogwa m'minda yathu itsikira mu mtsinje wa Luangwa, ndipo Luangwa athira madzi ace m'Zambezi. Tikatsata Zambezi kufikira kumene alowa m'nyanja ya mcere ya India, tipeza cigawo ca Zambezia, m'dziko la Mozambique. Mbiri ya cigawo cimeneci iri ndi phunziro kwa mlimi aliyense.

Malo ace

Zambezia akula kuposa masikweya kilomita 100,000. Kum'mawa kwace kuli nyanja, kumwera mtsinje wa Zambezi, ndipo kumadzulo acita malire ndi Malawi ndi cigawo ca Tete. Ca kunyanja dziko liri lacidikha, lotentha ndi la madambo ambiri. Koma ca kumtunda kuli mapiri ozizira. Phiri la Namuli, pafupi ndi Gurue, litalika mamita 2,419. Likulu la cigawo ndilo Quelimane.

Anthu ace

Pa kalembera wa 2017 anapezeka anthu oposa 5 miliyoni, ndipo cigawo ca Nampula cokha ndico cinaposa ciwerengero cimeneci. Ambiri a iwo ndi alimi a khasu monga ife. Alankhula Cilomwe, Cicuwabo ndi Cisena, ndipo ca ku Milange, kumalire a Malawi, Cinyanja cimveka.

Mbiri yace

Vasco da Gama, Mpwitikizi, anafika pa mtsinje wa Quelimane m'caka ca 1498. Pambuyo pace Apwitikizi anagawana dziko, nakhala ndi minda yaikuru yochedwa maprazo, ndipo Quelimane linasanduka doko logulitsirapo akapolo. David Livingstone anatsirizira pomwepo ulendo wace wocokera ku Luanda m'caka ca 1856.

Ukapolo utatha, makampani monga Boror ndi Madal anabzala mitengo yosawerengeka ya ngole, imene ena aicha kokonati. Ku Luabo kunali nzimbe, ku Gurue tiyi. Eni dziko ambiri anagwira nchito m'minda imeneyi mokakamizidwa. Ufulu unadza m'caka ca 1975, koma nkhondo ya paciweniweni inapasula mafakitale, milatho ndi midzi kufikira mtendere wa 1992.

Cuma cace

Mpunga ulimidwa m'madambo a kunyanja; cinangwa, cimanga, nyemba ndi nandolo kumtunda. Nandolo wambiri agulitsidwa ku India. Asodzi nawonso apha nsomba ndi nkhanu za m'nyanja.

Koma kwa zaka zambiri cuma ca mabanja a kunyanja cinali ngole. Anali kuyanika mnofu wace ndi kuugulitsa kwa oyenga mafuta ndi opanga sopo. Masamba ace anafolera nyumba, ndipo mkaka wace unakometsa ndiwo. Munthu wa mitengo yambiri ya ngole anayesedwa wolemera, pakuti mtengo umodzi ubala zaka makumi angapo.

Tsoka la ngole

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 nthenda inafalikira m'mitengoyi. Zipatso ziyoyoka zisanakhwime, masamba afiira, ndipo pakapita miyezi yowerengeka mtengo utsala thunthu lokha. Nthendayi ifalitsidwa ndi tizirombo toyamwa madzi a mtengo. Cimene alangizi aphunzitsa ndico kudula mitengo yodwala ndi kuitentha, ndi kubzala mbande zina. Koma mbande itenga zaka zingapo isanayambe kubala. Mitengo yambirimbiri inafa, ndipo mabanja odalira ngole yokha anasowa pogwira. Ambiri anatembenukira ku mpunga, cinangwa ndi nyemba kuti ana adye.

Madzi nawonso sanawaleke. Mu January 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira nugumula mlatho ku Mocuba, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anaomba Quelimane naononga nyumba ndi minda.

Phunziro kwa ife

Alimi anzathu, kwathu kuno kulibe ngole, koma tiri ndi mbeu imene tiidalira mofanana: cimanga. Cilala ca 2024 cinaumitsa cimanga m'zigawo zambiri za Zambia, kotero kuti Boma linalengeza tsoka la dziko lonse. Nkhokwe zambiri zinakhala zopanda kanthu.

Cifukwa cace pokonza minda caka cino, gawani malo. Pambali pa cimanga bzalani mapira kapena mawere, mbeu zopirira dzuwa. Bzalani cinangwa, pakuti cikhala m'nthaka kudikira tsiku la njala. Nandolo ndi nshawa zipatsa ndiwo ndi ndalama, ndiponso zibwezera conde m'nthaka. Mukaona mbeu zikusintha maonekedwe, musacedwe kuuza mlangizi wa zaulimi wa kwanu, nthenda isanafike m'munda wa mnzanu. Mbeu imodzi ikalephera, inzace idzasunga banja kufikira mvula ina.