Malangizo kwa Wofuna Kukaona Mbalame ku Nyanja ya Chilwa

Ife a kwa Mkhumba, amene timadzuka m'mawa ndi kukweza maso athu ku mapiri a Michesi ndi Mulanje, kawirikawiri timaiwala kuti chakumpoto kwathu, kumene mtsinje wa Phalombe umakathera, kuli nyanja ya Chilwa, imene mu 1996 inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha unyinji wa mbalame zake.

Poyamba sankhani nyengo. Popeza nyanjayi ndi yosaya, ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imakula ndi kuchepa monga mwa mvula, kotero kuti mu 1968 ndi mu 1995 inaphweratu. N'chifukwa chake muyambe mwafunsa asodzi kumene madzi alekezera chaka chimenecho. Ine ndimayamikira mwezi wa Novembala, pakuti pamenepo mbalame zothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia zimakhala zitafika kudzasakanikirana ndi zathu, koma dothi la makande lisanayambe kumata njinga ndi mapazi.

Konzani zovala zosawala, chipewa, madzi akumwa a kunyumba, kabuku ndi pensulo, ndi magalasi oonera patali ngati mungabwereke. Mukafika padoko, monga la Swang'oma, musathamangire kumadzi, koma mukaonekere kwa amfumu ndi kunena chimene mwadzera, ndipo mupemphe msodzi wamkulu, wodziwa tinjira ta m'njedza, kuti akutengeni m'bwato lake pamtengo umene mwagwirizana; safunsa anadya phula, ndipo anthu awa, amene ena a iwo amagona pamadzi pomwepo m'zimbowera, amadziwa pogona pa mbalame iliyonse.

Nyamukani mbandakucha, mphepo isanavundule madzi, ndipo mukhale moti dzuwa lili kumbuyo kwanu, kuti maonekedwe a nthenga asabisike. Bwato likaima m'mphepete mwa njedza, khalani chete osaloza ndi dzanja, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makutu ndiwo adzayamba kukuuzani za achipweyo, abakha akutchire amene amauluka m'magulu akuimba likhweru. Pambuyo pake mudzaona tsekwe, wamkulu koposa onse a mtundu wa bakha panyanjayi, akudya msipu m'madambo osefukira, akakowa oyera ataima duu kudikira matemba, ndi avuwo akusodza pamodzi ndi milomo yawo ya thumba.

Dzuwa likakwera ndi kutenthetsa nthaka, kwezani maso kumwamba, chifukwa mbalame zolusa zimadikira mpweya wofunda kuti uzinyamule. Pano pafunika luso, ndipo lusolo lili pa kupenya mchira, mapiko ndi kaulukidwe musanaganize za dzina. Nkhwazi, imene ilinso pa chizindikiro cha dziko lathu, siisokoneza munthu: mutu, chifuwa ndi mchira n'zoyera, ndipo polira imaponya mutu chagada; mukaona ziwiri pamtengo umodzi, yaikuluyo ndiyo yaikazi. Kamtema mudzamudziwa ndi mchira wake wa mphanda, umene amaupotoza uku ndi uku pamene akuzungulira padoko kufuna nsomba zotayika. Koma ina, yofiirira, imene imayandama pang'onopang'ono pamwamba penipeni pa njedza, mapiko atatukuka pang'ono, mutu utawerama, imeneyo ikusaka anapiye ndi achule, ndipo ndi yoyenera kuitsata ndi maso nthawi yaitali.

Lembani pomwepo tsiku, malo, chiwerengero ndi dzina limene mwini bwato wakuuzani, osadikira kuti mukakumbukire kunyumba. Mukapeza chisa musakhudze mazira kapena kuchedwa pafupi, pakuti make akathawa dzuwa limawapha. Malo amene magulu a osaka mbalame anawapatula kuti mbalame ziswane muwalambalale. Musayende m'madzi osayenda opanda nsapato zajombo, kuopa likodzo, ndipo mphepo ikayamba kulimba, mverani mwini bwato akati tibwerere kumtunda.