Tisanagule Cigayo

Abale athu ambiri akagulitsa fodya kapena mtedza, mtima wao uthamangira kugula cigayo. Nchito imeneyi njabwino, pakuti ipumitsa amai pa mtondo; koma tisanaturutse ndarama, tiyambe tadzifunsa mafunso atatu.

Loyamba: adzagayitsa ndani? Tiwerenge mabanja a m'midzi yotizinga, tionenso pamene pali cigayo cina. Mai wosenza dengu sapitirira cigayo ca pafupi.

Laciwiri: cidzadya ndarama zingati? Pali dizilo kapena magetsi, malamba, masefa amene ang'ambika ndi miyala, ndi malipiro a mnyamata wociyendetsa. Walira mvula walira matope.

Lacitatu ndilo lalikuru: cidzapeza ciani m'Januwale ndi m'Febuluwale? M'Juni nkhokwe ziri zodzala, ndipo madengu andanda kufikira kunja. Koma m'miyezi ya njala cimanga cicepa, pamene mwini ngongole saleka kubwera. Cifukwa cace tisayese phindu ndi masika okha. Tiphatikize zolowa za miyezi yonse 12, ticotsepo zoturuka. Ndipo ngati zotsala sizifikira kugula lamba watsopano, tisunge ndarama zathu, tilingalire nchito yina.