Kuphunzira Psychology ndi Criminology pamodzi ku yunivesite

Chaka chatha kumsika wa muno mu Dzaleka kunabedwa foni ya mayi wina wogulitsa tomato. Posakhalitsa anthu anagwira mnyamata wa zaka 15, ena atatola kale miyala. Ine ndi anzanga awiri ogwira ntchito yodzipereka tinamutchingira mpaka apolisi anafika. Anthu anayi analumbira kuti anamuona ndi maso awo. Patapita masiku atatu foniyo inapezeka ndi munthu wina. Mnyamatayo anamasulidwa, koma mpaka lero anzake amamutchula kuti wakuba, ndipo sukulu anasiya.

Ine ndinalekezera Fomu 4, koma ndimawerenga. Achinyamata akandifunsa chifukwa chake anthu amaphunzira Psychology ndi Criminology pamodzi, ndimawayankha ndi nkhani imeneyi, popeza maphunziro onse awiri ali m'kati mwake.

Psychology ndi phunziro la kaganizidwe ndi khalidwe la munthu: mmene timakumbukirira, mmene mantha amatisinthira, ndi mmene mwana amakulira. Ndiyo imayankha funso lakuti, kodi mboni zinayi zija zinanama? Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer a ku America anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya galimoto. Ena anafunsidwa liwiro la galimotozo pamene "zinagundana", ena pamene "zinaphwanyana". Amene anamva mawu akuti kuphwanyana anatchula liwiro lalikulu. Patapita sabata, ochulukirapo mwa iwo ananena kuti anaona magalasi osweka, pomwe mu kanemayo munalibe. Choncho munthu akhoza kulumbira ndi mtima woona pa chinthu chimene sanachione, makamaka wina akafuula kale kuti "ndi uyu!"

Criminology ndi phunziro la umbanda: chimene chimauyambitsa, amene umawapweteka, ndi mmene apolisi, makhoti ndi ndende amachitira nawo. Mu 1876 dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso, analemba kuti chigawenga chimabadwa chili chigawenga ndipo chimadziwika ndi maonekedwe a nkhope ndi mutu. Akatswiri anatsutsa maganizo amenewa kalekale, koma ife othawa kwawo tikudziwa kuti m'mitima ya anthu ena sanathe, chifukwa timaweruzidwa ndi nkhope komanso kalankhulidwe. Mu 1963 Howard Becker anafotokoza kuti dzina loipa limene anthu apatsa munthu limamutsekera makomo, mpaka akhoza kuyamba kuchita zimene akumunenerazo. Ichi ndicho chimandidetsa nkhawa pa mnyamata uja.

Phunziro loyamba limayang'ana m'mutu mwa munthu mmodzi. Lachiwiri limayang'ana mudzi, njala, kusowa ntchito ndi malamulo. Wodziwa limodzi lokha amaona theka la mlandu.

Kwa amene mukufuna njira imeneyi, dziwani izi. Mayunivesite a boma muno m'Malawi amafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Psychology imaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba. Yunivesite ya Unisa ya ku South Africa imaphunzitsa maphunziro onse awiri kwa anthu amene ali kutali, koma pamafunika fizi ndi intaneti yodalirika. Thandizo la DAFI, limene boma la Germany linayambitsa mu 1992 kudzera ku UNHCR, limalipirira othawa kwawo maphunziro a ukachenjede. Ofuna thandizoli amakhala ambiri, choncho sungani bwino masatifiketi anu ndipo muziyang'ana zidziwitso zikamatidwa.

Musataye masamu. Maphunziro onsewa amafuna kuwerengera zotsatira za kafukufuku, ndipo zowerenga zake ndi zambiri, zonse m'Chingerezi.

Musayembekezenso za m'makanema. Digiri imeneyi sikusandutsani wapolisi wofufuza milandu kapena loya, ndipo kuti mukhale katswiri wothandiza odwala maganizo pamafunika digiri ina pamwamba pake. Ntchito zake zenizeni ndi kuteteza ana, kuthandiza ochitiridwa nkhanza, kukonza khalidwe la akaidi kuti abwerere bwino kwawo, ndi kuchita kafukufuku. Digiri sichotsanso malamulo amene amatiletsa kugwira ntchito kunja kwa kampu. Koma ntchito zoterezi zilipo muno momwe, ndipo nzeru mumapita nazo kulikonse kumene mungakakhale.

Pomaliza, pali zimene tonse tingayambe lero popanda digiri. Mlandu ukachitika, mboni zifunsidwe payekhapayekha. Funsani kuti "munaona chiyani?", osati "munamuona akuba eti?" Woganiziridwa aperekedwe kwa apolisi asanakhudzidwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnyamata uja ndimamuyendera Loweruka lililonse. Tagwirizana ndi amayi ake kuti teremu ikubwerayi ndidzamuperekeza ndekha kukalankhula ndi aphunzitsi.