Linux ya pa fulashi ndi Linux yoikiratu mu kompyuta

Anzanga, izi ndaziphunzira pa laputopu ya achimwene anga amene amakonza makadi a ukwati kuno ku Mtsiliza. Laputopuyo ndi yakale, inabwera ndi amalume kuchokera ku Joni. Munali Windows 10, koma a Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana kulowamo. Ndiye tinati tiyese Linux.

Linux anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Ndi yaulere ndipo ilipo ya mitundu yambiri. Wotchuka ndi Ubuntu, womwe anaukhazikitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu basi.

Njira yoyamba amati live. Mumatenga fayilo ya ISO n'kuilemba pa fulashi ya 8GB ndi pulogalamu ngati Rufus. Samalani, Rufus amafufuta zonse za pa fulashiyo. Kenako poyatsa kompyuta mumadina batani losankhira koyambira. Pa Dell ndi F12, pa HP ndi F9. Mukasankha fulashi, Linux imatseguka yonse koma imayendera pa fulashi ndi mu RAM, osakhudza hadi disiki. Zili ngati kulawa chimanga chootcha pamsika usanalipire. Mumaona ngati WiFi, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Kuipa kwake imachedwa, komanso mukazimitsa, kapena magetsi akathima batire ili yakufa, zomwe munalemba zapita.

Njira yachiwiri ndi installer wamba, ngati ya Debian yotchedwa netinst. Iyi sikuonetsani Linux yoti muyesere. Imangofunsa chilankhulo, nthawi, dzina ndi kagawidwe ka disiki, n'kuyamba kuika. Fayilo yake siifika 1GB, pomwe ya Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6GB. Kumva choncho ndinati yotchipa ndi imeneyi, kumene zotsalazo imakoka pa intaneti ikamaika. Bandulo ikathera pakati, mwagwira njakata.

Pomwe pali ngozi ndi pa disiki, ndipo apa njira zonse n'chimodzimodzi. Pa Ubuntu ndi Lubuntu pamabwera mawu akuti Erase disk. Ine ndinatsala pang'ono kudina, poti anali pamwamba pomwe ndinkayang'ana. Achimwene anandigwira dzanja: “Iwe, muli zithunzi za chinkhoswe cha anthu, sanatengebe!” Tinayamba takopera zonse pa fulashi ina, zomwe zinatidyera madzulo onse, moti kumudzi ndinafika ndi mdima pa njinga.

Ine ndimakonda live, chifukwa inationetsa msanga kuti Ubuntu ikulemera pa RAM yathu ya 4GB. Tinasintha n'kutenga Lubuntu yomwe ndi yopepuka, tinaiyesanso pa fulashi, pulinta inavomera, kenako tinaiika pambali pa Windows. Makadi a Loweruka lapitali achimwene anawakonzera mu LibreOffice, ngakhale akudandaulabe kuti zilembo zawo zokongoletsa zija sakuzipeza.