NYENGO YA ZIPATSO: MUSAMALE ANA PA ULENDO

Phunziro lathu la sabata ino likunena za maulendo amene makolo amayenda ndi ana m'nyengo ya zipatso.

Ku maiko ozizira monga Britain ndi America, mabanja amapita ku mafamu mu Seputembala ndi Okutobala kukathyola maapozi ndi manja ao, ndipo pobwerera amaima pa malo odyera. Maapozi amakonda dziko lozizira, ndiye cifukwa cake ambiri a m'masitolo athu amacokera ku South Africa. Ife kuno kum'mawa tiri ndi zathu, masuku ndi mango. Masukulu akatseka mu Disembala, ana a m'tauni amakwera basi kupita kumudzi kwa ambuye ao kukadya zipatsozi.

Ulendo wotere ndi wabwino. Koma ife a kucipatala nyengoyi timaidziwira ku mizere ya ana othyoka mikono ndi otsegula m'mimba.

MANGO ALIBE MLANDU

Ambiri amati mango amabweretsa malungo. Izi si zoona. Malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo udzudzu umacuruka mvula ikayamba, nthawi yomweyo imene mango akupsa. Mango akupsa ali ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi, komanso vitamini C. Musawamane ana. Ngozi iri pa mtengo, m'manja ndi m'mbale.

1. PA MTENGO

Ndikumbukira mnyamata wina wa zaka 9 amene anagwa mu mtengo wa mango nathyoka mkono pafupi ndi cigongono. Acibale anaukoka kuti auwongole, naumanga kolimba ndi luzi, ndipo anabwera naye patapita masiku atatu zala zitatupa. Fupa linagwirana, koma zala zace sizinabwererenso mwakale, pakuti magazi anali atatsekeka nthawi yaitali.

Gwetsani zipatso ndi nsungwi yaitali, makamaka mvula ikagwa pamene nthambi zimaterera. Mwana akagwa, musakoke ciwalo cothyoka. Cigonekeni pa kathabwa kapena katoni, mangani mosathina ndi citenje, ndi kupita naye kucipatala tsiku lomwelo. Ngati anagunda mutu ndipo akusanza kapena kugona tulo tosadziwika bwino, musadikire kuti kuce.

Ana osakwana zaka 3 acotsereni njere za masuku, angatsamwe nazo.

2. MANJA NDI MADZI

Cipatso cotola pansi cakhudza dothi, ndowe za ziweto ndi nchenche. Citsukeni ndi madzi aukhondo musanacipereke kwa mwana. Kutsuka kumacotsanso utomoni wa mango umene umatentha milomo. Kupukuta pa malaya si kutsuka ai.

Nyamulani sopo ndi cigubu ca madzi owiritsa kapena othira klorini. Aliyense asambe m'manja asanadye ndiponso akacoka kucimbudzi. Makoko ndi njere zitayidwe kudzala, pakuti zikamwazika pabwalo zimaitana nchenche.

3. POIMA KUDYA PANJIRA

Amene mumayenda mu mseu wa Great East mukudziwa kuti basi ikaima pa Luangwa Bridge, pa Nyimba kapena pa Katete, ana amalirira ciriconse cimene aona. Musanakhale pansi pa malo odyera, yang'anani zinthu izi:

Kodi nsima ndi ndiwo zikutuluka nthunzi? Moto umapha tizirombo, koma nkhuku yokazinga m'mawa imene yakhala tsiku lonse pa dzuwa iribe citetezo.

Kodi cakudya ndi cobvundikira, kapena nchenche zikuterapo?

Kodi madzi osamba m'manja akucita kuthirirana, kapena onse akubviika m'beseni limodzi? M'beseni limodzi, womaliza amasamba litsiro la anzace, ndipo kawirikawiri womalizayo ndi mwana.

Kodi pali cimbudzi caukhondo, cotalikira pophikira?

Pewani zipatso zosendasenda kale, masamba osaphika, ndi zakumwa zoundana za m'timapepala zimene simudziwa madzi ace. Nthoci za pa Nyimba ndi kamba wabwino, popeza mumasenda nokha.

Tisaiwale kuti kolera imene inabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo mu Januwale 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa. Matendawa amalowera pakamwa, kudzera m'madzi ndi cakudya.

4. MWANA AKAYAMBA KUTSEGULA M'MIMBA

Cimene cimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Yambani msanga kumwetsa madzi a moyo. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira. Ngati mulibe paketi, ikani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi. Musapyole muyeso wa mcere.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe kotala kufikira theka la kapu nthawi iriyonse akacita cimbudzi. Wamkulupo amwe theka kufikira kapu yodzaza. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso pang'onopang'ono ndi supuni. Madzi otsala atayeni pakapita tsiku limodzi. Pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa phala. Kukiliniki adzakupatsani mapiritsi a zinki oti mwana amwe masiku 10 kufikira 14, ngakhale ataoneka kuti wacira.

Thamangirani kucipatala ngati maso alowa m'kati, liwombo lalowa, mwana akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza ciriconse, cimbudzi ciri ndi magazi, kapena ndi camadzi coyera ngati madzi otsukira mpunga.

Makolo anzanga, musanakwere basi onani ngati m'cola muli sopo, madzi abwino akumwa ndi mapaketi awiri a madzi a moyo. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi kufunafuna galimoto usiku kumudzi mwana atalefuka. Kupewa kuposa kuciza.